Positi ya pa Intaneti Isakhale ya Akatswiri Okha

Wolemba Mtolankhani Wathu, ku Mulanje

Munthu amene wayenda m'maofesi ndi m'masukulu a boma la Mulanje, kuyambira pa Nkando, kudzera pa Chitakale, kufikira ku malire a ku Muloza, angathe kuchitira umboni kuti makalata ambiri a ntchito masiku ano sayendanso m'thumba la mtokoma ai, koma pa intaneti. Mphunzitsi wamkulu atumiza malipoti ake pa imelo, kalaliki alandira maitanidwe a msonkhano pa imelo, ndipo abwenzi a kunja amene afuna kuthandiza sukulu kapena chipatala amayamba afunsa keyala ya imelo asanafunse nambala ya bokosi la ku positi. Chimenechi ndi chitukuko ndithu, ndipo palibe munthu wanzeru amene angalakelake masiku aja pamene kalata inkagona sabata yathunthu pa njira.

Koma pali chinthu chimodzi chimene owerenga athu, makamaka aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma, ayenera kuchilingalira mofatsa, pakuti chikhudza katundu wa anthu onse. Makalata ochuluka a ntchito ali kuyenda pa makeyala a anthu eni, a Gmail kapena a Yahoo, amene munthu anadzitsegulira yekha, m'malo moyenda pa keyala ya ofesi. Tikafunsa chifukwa chake, yankho limene timamva kawirikawiri ndi lakuti makina olandira, kusunga ndi kutumiza imelo, amene akatswiri amawatcha seva, ndi ovuta kuwatchera, ndipo akadwala palibe amene adziwa pogwira. Ife tikuti yankho limeneli ndi loona, koma nthenda yake si yosachiritsika ai.

Zimene ndinaona pa sukulu ina

Masiku apitawa ndinacheza pa sukulu ina ya sekondale ya m'tsinde mwa phiri, imene sindiitchula dzina, pakuti nkhani yake si yachilendo ndipo palibe amene analakwa mwadala. Mphunzitsi wamkulu wa pamenepo anali atangofika kumene, mnzake amene analipo kale atasamutsidwira ku boma lina. M'kabati anapezamo mafayilo a mapepala ali m'malo mwake. Koma makalata onse amene sukuluyo inalemberana ndi anthu akufuna kwabwino, amene analonjeza mabuku ndi zipangizo za sayansi, sanawapeze, popeza anali mu keyala ya mnzake uja. Kuti adziwe chimene anapangana, anayenera kuimba lamya ndi kupempha monga munthu wopala moto kwa mnansi, ndipo pamene makalata ena anamufika, eni lonjezo anali atalemba kawiri konse osalandira yankho.

Pa sukulu yomweyo pali mphunzitsi wachinyamata wophunzitsa za makompyuta, amene anaona vutoli nafuna kulithetsa. Iye analembetsa dzina la sukuluyo pa intaneti ndi ndalama za m'thumba mwake, nachita lendi malo pa makina a kampani ina, naikamo pulogalamu yaulere yoyendetsa makalata. Anathera masabata atatu akutsata malangizo a m'Chingerezi, amene ena anali kutsutsana ndi anzake. Tsiku lina makina anamuyankha kuti "Relay access denied". Atasintha mzere wina, anamuyankha kuti kalata yake "loops back to myself". Ndipo potsiriza, pamene zonse zinaoneka ngati zalongosoka, makalata ake anali kutuluka bwinobwino koma osafika m'maso mwa eni ake, popanda mau alionse omuuza chifukwa chake. Anandiuza kuti sanaleke chifukwa cha ulesi, koma chifukwa makinawo anali kumuuza kuti walakwa osamuuza pamene walakwa.

Ngati mphunzitsi wa makompyuta, munthu wophunzira ndi wakhama, agwa mphwayi chotere, nanga kalaliki wamba adzatani?

Seva ndi positi ofesi basi

Tiyeni tiyambe tachotsa mantha. Ntchito ya positi m'dziko muno inayamba mu 1891, ndipo imodzi mwa maofesi oyamba inali pa Chiromo, pamene mtsinje wa Ruo, wochokera m'phiri lathu lino la Mulanje, umathira mu Shire. Makalata ankanyamulidwa ndi amtengatenga oyenda pansi. Malamulo ake anali oti kalaliki aliyense wodziwa kuwerenga angawaphunzire: pa envulopu pakhale dzina ndi keyala, pakhale sitampa, pamenyedwe chidindo choonetsa malo ndi tsiku. Kalata ikalephera kufika inkabwerera kwa mwini wake, italembedwa pamwamba pake kuti munthuyo sadziwika kapena anasamuka.

Seva ya imelo imagwira ntchito zomwezo. Imalandira kalata, imaona kumene ipita, imaipereka kwa seva inzake, ndipo makalata ofika imawaika m'mabokosi a eni ake. Chizindikiro cha @ chimene tiri kuchiona m'keyala iriyonse anachisankha Ray Tomlinson wa ku America mu 1971, kuti chilekanitse dzina la munthu ndi dzina la makina. Ndipo malamulo a m'mene maseva amalankhulirana, otchedwa SMTP, anawasindikiza Jon Postel mu 1982. Malamulo amenewa ali ndi nzeru imene ife a kuno tiyenera kuiyamikira: seva yolandira ikakhala yozima, kalata sitayika nthawi yomweyo, popeza seva yotumiza imaisunga ndi kuyesanso mobwerezabwereza, kawirikawiri kwa masiku anai kapena asanu, isanaibweze kwa mwini. Chotero kuthima kwa magetsi kwa maola ochepa sikupha kalata.

Kuvuta kunabwera ndi mapulogalamu. Sendmail, imene analemba Eric Allman ku Berkeley kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, inatchuka ndi malamulo ake olembedwa ndi zizindikiro zimene ngakhale akatswiri ankaziopa, kotero kuti buku lofotokoza za pulogalamu imodzi yokhayo linapitirira masamba 1,000. Philip Hazel wa ku Cambridge anayamba Exim mu 1995, ndipo Wietse Venema anatulutsa Postfix mu 1998, onse pofuna kupeputsa ntchito, ndipo anaipeputsadi. Koma Postfix yokha iri ndi mabatani osinthika mazana ambiri, ndiponso siyenda yokha: pafunika ina yosunga mabokosi, monga Dovecot ya Timo Sirainen wa ku Finland imene inatuluka mu 2002, ina yosefa makalata achabechabe, ndi ina yoonetsa makalata kwa owerenga. Iriyonse ya zimenezi iri ndi malamulo ake ndi kalankhulidwe kake. Anthu amene anazilemba ndi oyenera ulemu, pakuti anazipereka kwaulere kwa dziko lonse. Koma anazilembera akatswiri anzao, osati munthu woyamba kumene.

Akuba ndiwo anachulukitsa maloko

Tisaganize kuti kuvuta konseku ndi nkhanza za olemba mapulogalamu. Pachiyambi maseva ankakhulupirirana monga anthu a mudzi umodzi, ndipo seva inkalandira kalata ya munthu aliyense ndi kuipititsa kwina kulikonse. Pamene anthu achinyengo anayamba kutumiza makalata abodza miyandamiyanda, ena akunamizira dzina la banki, ena akulonjeza chuma chosadziwika mwini, panayenera kuikidwa maloko. Mau aja anasokoneza mphunzitsi wathu, akuti "Relay access denied", ndi limodzi la maloko amenewa, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti: sindikudziwani, tsono sindinganyamule kalata yanu kupita nayo kwa alendo. Ndi lamulo labwino. Cholakwa ndi chakuti silinena kuti munthuyo achite chiani.

Lero munthu wofuna kuti makalata ake alandiridwe ayenera kulemba zinthu zingapo m'kaundula wa maina a pa intaneti. Choyamba, chotchedwa MX, chimauza dziko lonse makina amene amalandira makalata a ofesi yake. Chachiwiri, SPF, ndi mndandanda wa makina amene ali ndi chilolezo chotumiza m'dzina la ofesiyo, monga mndandanda wa mamesenjala odziwika. Chachitatu, DKIM, ndi chidindo chobisika chimene seva imamenya pa kalata iriyonse, kuti wolandira atsimikize kuti yachokeradi kumeneko ndipo sinasinthidwe pa njira. Chachinai, DMARC, ndi lamulo louza olandira chochita ndi kalata imene yabwera popanda umboni woyenera. Palinso chachisanu, chakuti nambala ya makina iloze ku dzina lake; ndipo ichi sangachilembe mwini ofesi, koma kampani imene inamupatsa nambalayo. Kuyambira mu February 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo ao, kotero kuti kalata yopanda SPF kapena DKIM ingathe kukanidwa kapena kuponyedwa kudzala la makalata achabechabe.

Apa ndi pamene makalata a mphunzitsi uja ankafera. Palibe chimodzi mwa zinthu zisanuzi chimene chiri chovuta kuchimva chikafotokozedwa bwino. Chovuta ndi chakuti zinabalalikana m'malo osiyanasiyana, ndipo munthu akaphonya kadontho kamodzi, chilango chake chimadza mwakachetechete.

Chifukwa chake nkhaniyi ikhudza inu

Wina angafunse kuti, kodi mphunzitsi wa ku Limbuli kapena kalaliki wa pa Boma zimenezi zimukhudza bwanji? Zimukhudza m'njira zitatu.

Poyamba, kalata ya ntchito si ya munthu amene anailemba. Ndi ya ofesi, ndipo kupyolera mu ofesi ndi ya mtundu wonse. Ndicho chifukwa chake ku Zomba kuli nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko lino, kumene munthu angawerenge makalata a abwanamkubwa ndi a ma D.C. a zaka zoposa 100 zapitazo. Kodi adzukulu athu adzawerenga chiani za nthawi yathu ino, ngati makalata athu ali m'mabokosi a anthu amene adzapuma pa ntchito, kapena kumwalira ndi mau achinsinsi otsegulira mabokosiwo ali m'mutu mwao?

Kachiwiri, pali malamulo. Lamulo lopatsa nzika mwai wopeza uthenga wa m'maofesi a Boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo ofesi singapereke kalata imene iribe. Ndiponso lamulo loteteza mbiri ya munthu payekha, la mu 2024, likuti amene asunga maina, zaka ndi mbiri za anthu ena azisunge mosamala. Maina a ophunzira ndi zotsatira zao, kapena mbiri ya wodwala, siziyenera kukhala m'bokosi limodzi ndi zithunzi za ukwati wa mlamu.

Kachitatu, pali ulemu ndi chikhulupiriro. Kalata yochokera pa keyala yothera ndi .mw, dzina la dziko lathu pa intaneti, limene bungwe la Malawi SDNP laliyang'anira kwa zaka zambiri, iri ngati kalata ya pa pepala la ofesi lomenyedwa chidindo. Koma keyala yaulere angaitsegule munthu aliyense m'mphindi zisanu ndi kudzitcha mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene sanaiponde n'komwe. Pamene ife eni ake tizolowetsa anthu kulandira makalata a ntchito kuchokera pa makeyala otere, tiri kulambulira njira wakuba.

Phunziro la mipopi ya madzi

Anthu a ku Mulanje safunika kupita kutali kuti aone m'mene chinthu cha akatswiri chimasandukira chinthu cha anthu wamba. Ntchito yokoka madzi m'mapiri ndi mapaipi, popanda injini, inayamba ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo posapita nthawi inafika kwa Chambe kuno ku Mulanje, nifalikira m'zigwa zozungulira phiri m'zaka za m'ma 1970. Akatswiri anayeza malo ndi kumanga matanki, koma ngalande anakumba ndi anthu a m'midzi, ndipo pa mpopi uliwonse panali komiti, ndi anthu ophunzitsidwa kulumikiza paipi ikaphulika. Momwemonso mjigo wa Afridev, umene chiyambi chake chinali m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, unapangidwa mwadala kuti anthu a pamudzi athe kuutsegula ndi kusintha mphira wake ndi zida zochepa, osadikira galimoto lochokera ku tauni.

Amisiri amenewo sanachepetse nzeru za m'kati mwa mpopi kapena mjigo. Chimene anachita ndi kulekanitsa ntchito: zovuta anazimaliza okha kamodzi, ndipo zimene zimaonongeka kawirikawiri anaziika poyera pamene dzanja la munthu wamba lingafike. Ndipo kumene makomiti anafooka ndi zipangizo zosinthira zinasowa, mipopi inauma. Chimenechinso ndi phunziro. Ife tikupempha kuti nzeru yomweyo igwiritsidwe ntchito pa makina a makalata.

Zimene pulogalamu yabwino iyenera kuchita

Choyamba, ifunse mafunso ochepa. Munthu woyamba kumene ayenera kufunsidwa dzina la ofesi yake pa intaneti, dzina la woyang'anira, ndi maina a anthu ofuna mabokosi. Zina zonse zibwere zotchera kale, ndipo zotchera m'njira yotetezeka, kuti munthu asatsegule chitseko kwa akuba mosadziwa.

Chachiwiri, imuonetse zoti alembe m'kaundula wa maina, mzere ndi mzere, ndipo akalemba iyendere yokha ndi kumuuza kuti apa pali bwino, apa pakusowa, apa mwaphonya chilembo. Mapulogalamu ena aulere, monga Mail-in-a-Box, Mailcow ndi iRedMail, anayamba kale kuyenda njira imeneyi, posonkhanitsa zidutswa zonse zija mtolo umodzi. Ndipo Mail-in-a-Box iri ndi tsamba lodziyeza lokha lotere. Bungwe la Let's Encrypt, limene linayamba mu 2015 kupereka kwaulere ziphaso zobisira makalata pa njira, linaonetsanso kuti ntchito imene kale inkadya tsiku lathunthu ndi ndalama zakunja ingathe kuchitika yokha popanda munthu kuikumbukira. Tsono zimene tikupemphazi si maloto.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu pa zonse, pulogalamu ikakana ilankhule monga munthu waulemu. Uthenga uliwonse wa vuto uyankhe mafunso anai: chachitika n'chiani, chifukwa chake n'chiani, angakonze ndani, ndipo ayambire pati. Maseva ali kale ndi manambala osiyanitsa mavuto: nambala yoyamba ndi 4 itanthauza kuti vutolo ndi la kanthawi ndipo makina adzayesanso okha, pamene yoyamba ndi 5 itanthauza kuti kalata yakanidwa ndithu. Kodi n'chiani chiletsa kuti pansi pa nambalayo palembedwe mau omveka, akuti kalata yanu siinapite chifukwa simunalowe ndi dzina lanu ndi mau achinsinsi, tsegulani pakuti ndi kulemba chakuti? Kapena akuti, vuto iri si lanu, imbirani kampani imene inakupatsani intaneti ndi kuiuza mau awa? Munthu akadziwa kuti vuto liri kwa ndani, theka la ntchito latha.

Chachinai, kalata iriyonse ikhale yotheka kuilondola monga kalata ya rejisitala ku positi. Lero mbiri ya ulendo wa kalata imalembedwa ndithu, koma imasakanizika ndi mizere zikwizikwi ya makalata ena. Woyang'anira ayenera kungolemba keyala ya wolandira, naona pa tsamba limodzi kuti kalatayo inalandiridwa nthawi yakuti, inaperekedwa kwa seva yakuti, ndipo seva imeneyo inayankha chakuti.

Chachisanu, olemba mapulogalamu akumbukire kuti si dziko lonse limene liri ndi intaneti yothamanga ndi yotsika mtengo. Malangizo akhale otheka kuwatsitsa kamodzi ndi kuwasindikiza pa pepala, ndipo kusunga kope la makalata onse kumalo ena kukhale kwa batani limodzi. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita kuno mu March 2023, pamene madzi ndi miyala zochokera m'phiri zinakokolola nyumba, milatho ndi misewu, sadzafunsa chifukwa chake kope lachiwiri liyenera kukhala kutali ndi loyamba.

Komabe tichenjeze kuti kufewetsa si kubisa. Pulogalamu imene imachita zonse mwamatsenga, osamuonetsa munthu chimene yachita, imalera woyang'anira amene adzasowa chochita tsiku loyamba limene matsengawo adzalephera. Batani lirilonse likhale ndi mau ochepa ofotokoza chimene lasintha, kuti woyamba wa lero adzakhale katswiri wa mawa.

Mau a otsutsa

Alipo amene adzati: bwanji osangosiya ntchito yonseyi m'manja mwa makampani akuluakulu a kunja, amene ali ndi akatswiri zikwizikwi? Mau amenewa sitingawanyoze. Ndi zoona kuti makampani amenewo amasefa bwino makalata achinyengo, ndiponso ena amapereka mabokosi kwaulere ku masukulu oyenerera, pa dzina la sukulu lenileni. Sukulu imene yasankha njira imeneyo yachita bwino koposa kukhala pa keyala ya munthu mmodzi. Koma tikumbukire zinthu ziwiri. Choyamba, ngakhale pamenepo wina ayenera kulemba MX, SPF ndi DKIM m'kaundula, kotero kuti kusadziwa sikuthawika. Chachiwiri, maofesi amene salandira zaulere amalipira mwezi ndi mwezi, pa munthu aliyense, ndi ndalama zakunja. Ndipo pamene Kwacha inatsika mphamvu ndi 44 pa 100 iriyonse mu November 2023, onse olipira ndi madola anamva kuwawa kwake.

Alipo enanso amene adzati, tsono sukulu iriyonse iike seva yake m'chipinda cha aphunzitsi. Amenewanso tiwatsutsa. Walira mvula walira matope: seva imafuna magetsi osathima, nambala yakeyake yosasinthasintha, ndi munthu woiyang'ana tsiku ndi tsiku. Intaneti ya pa lamya za m'manja, imene masukulu ambiri amadalira, kawirikawiri imagawira anthu ambiri nambala imodzi, kotero kuti seva singalandire makalata pamenepo. Ndipo tonse tikukumbukira m'mene magetsi anavutira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Seva yosayang'aniridwa imalandidwa ndi akuba, niyamba kutumiza mabodza m'dzina la sukulu, ndipo dzinalo likalembedwa m'mabuku a okanidwa, kulifufuta ndi ntchito yaikulu.

Njira yanzeru iri pakati. Makina akhale pamalo amodzi otetezeka, monga kumalo osungira uthenga wa pa makompyuta kumene Boma linatsegula ku Blantyre mu 2022, kapena kwa mabungwe ndi makampani a m'dziko muno odziwa ntchitoyi. Koma makiyi a tsiku ndi tsiku akhale kuno ku boma. Kutsegula bokosi la mphunzitsi watsopano, kutseka la amene wachoka, kubwezeretsa mau achinsinsi oiwalika, ndi kulondola kalata yosowa, zonsezi zichitike ndi munthu wa pompano, osati kudikira kalata yopita ku likulu yopempha kuti makalata akonzedwe. Umu ndi m'mene mipopi ija inayendera: thanki kumtunda, sipanala kumudzi.

Mbali yathu

Sitingangoloza chala kwa olemba mapulogalamu a kutali. Ambiri mwa mapulogalamu amenewa ndi otseguka, ndiko kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wowakonza, kuwamasulira ndi kubweza zimene wakonza kwa eni ake. Anansi athu a ku Thyolo ali ndi sukulu yaukachenjede ya sayansi ya MUST pa Ndata, imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo ku Blantyre kuli MUBAS ndi sukulu ya makompyuta ya NACIT. Chaka ndi chaka ophunzira a kumeneko amafuna mutu wa ntchito yomalizira maphunziro ao. Kodi pali mutu wopindulitsa koposa kutenga mauthenga a mavuto amene amabwera kawirikawiri, kuwalemba m'Chichewa chomveka ndi m'Chingerezi chosavuta, ndi kukawayesa pamaso pa kalaliki weniweni, kuona ngati angakonze vuto popanda womuthandiza? A bungwe loona za ziyankhulo ku Zomba, amene anatulutsa mtanthauziramawu wa chinenero chathu mu 2000, angathandize kugwirizanitsa mau, kuti wa ku Mulanje ndi wa ku Kasungu asatche chinthu chimodzi maina awiri.

Ndipo zilipo zimene mkulu wa ofesi kapena wa sukulu angachite sabata yomwe ino, popanda kudikira wina. Keyala ikhale ya udindo, osati ya munthu: ya mphunzitsi wamkulu, ya msungichuma, ya mlembi. Anthu awiri, osati mmodzi, adziwe katsegulidwe kake. Pakhale kabuku kolembamo kumene dzina la pa intaneti linalembetsedwa, tsiku limene lendi yake idzathe, ndi chirichonse chimene chasinthidwa, ndi tsiku lake. Ndipo pa mndandanda wa zosiyirana pamene munthu asamuka, pamodzi ndi makiyi a kabati ndi buku la ndalama, palembedwenso bokosi la imelo. Amene ali ndi keyala ya Boma aigwiritse ntchito, ndipo ikavuta anene, osangobwerera mwakachetechete ku keyala yake. Pakuti nthenda yosanenedwa sing'anga saidziwa. Achinyamata amene ali kuyesa ntchitoyi asachite manyazi kufunsa anzao: safunsa anadya phula.

Mphunzitsi uja wa m'tsinde mwa phiri sanataye dzina la sukulu limene analembetsa, ndipo lendi yake ikali ndi miyezi ingapo isanathe. Chimene asowa si nzeru kapena khama, koma chida cholankhula naye momveka, ndi mnzake mmodzi womufunsa akasokera. Zinthu ziwirizi ziri m'mphamvu yathu. Makolo athu anaphunzira kuyendetsa positi ya matumba ndi zidindo, naiyendetsa mokhulupirika m'mvula ndi m'chiperoni. Ife ana ao tisalole kuti positi ya nthawi yathu ikhale nyumba yokhoma imene kiyi wake ali ndi anthu owerengeka okha.